Amayi anga afooka koma kuchipatala sanawapeze ndi matenda

Nachisale: Abale, ndithandizeni nzeru. Amayi anga, a zaka 74, amakhala okha kumudzi ku Ntcheu. Chimwalirireni abambo, aonda moti chitenje chikuwazungulira kawiri m'chiuno. Sabata yatha ndinawaona akulimbana ndi chitsekero cha botolo la mafuta ophikira mpaka anandipatsa ine, mayi amene ankasinja mtondo wathunthu osapuma. Mtima unandiwawa. BP ndi shuga anawayeza, zili bwino. Koma akulu awo, a zaka 78, omwe anali mphunzitsi ndipo amakhala ndi ana awo ku Zomba, amapita okha kutchalitchi wapansi. Mimba imodzi, nanga kusiyanaku kukuchokera pati?

Namwino wopuma: Pepani mayi. Achipatala amati frailty, kufooka kwa ukalamba. Mu 2001 Linda Fried ndi anzake ku America anatchula zizindikiro zisanu: kuonda osafuna, kutopa msanga, manja opanda mphamvu pogwira, kuyenda pang'onopang'ono, ndi kungokhala osagwira kanthu. Zikakwana zitatu, munthuyo wafooka ndithu. Inu mwatchula kale ziwiri. Vutoli limagwira kwambiri akazi, ngakhale kuti iwo ndi amene amakhala ndi moyo wautali kuposa amuna, ndipo umasiye, umphawi ndi kukhala wekha zimaliwonjezera. Akulu awo ali ndi penshoni, amadya pamodzi ndi anthu. Mayi wamasiye sakoleza moto chifukwa cha mbale imodzi, amamwa kaphala n'kugona. Aoneninso mano.

Phiri wa ku Mchinji: Agogo anga zinali chimodzimodzi. Tinatumiza mdzukulu wamkulu kuti azigona nawo, ndipo ndiwo zinasintha: usipa wosinja, mazira, nyemba, nkhwani zotendera. Patapita miyezi anayambanso kupita kudimba. Funsaninso kwa amfumu za Mtukula Pakhomo, pulogalamu ya boma yothandiza anthu ndi ndalama. Inayambira kwathu kuno mu 2006, ndipo inapangidwira mabanja osauka kwambiri opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. China, gogo wokhala yekha ndi amene anthu amathamangira kumunena ufiti. Musawasiye okha nthawi yaitali.

Nachisale: Amayi anamwino, mwalasa. Mano akumbuyo anatha, nyama imene ndinawagulira anangoikankhira kwa ana a mnansi, ine n'kumaganiza kuti ndi chifundo chawo chija. Kutauni akukana, akuti sangasiye munda ndi manda a amuna awo. Loweruka ndikwera minibasi, ndikakambirane ndi amalume za mwana woti azikhala nawo.