Za madzi a dibi aja, yankho lapezeka

Abale a kuno ku Johannesburg, paja ndinafunsa kuti madzi a dibi otsala tikatha kusambitsa nkhosa pa famu yomwe ndikugwira ntchito tiziwataya kuti. Ena munati ingothirani mu dreni basi, koma dokotala wa ziweto atabwera wakanitsitsa kwamtuwagalu. Akuti mankhwala a dibi ngati cypermethrin akangolowa mumtsinje ngakhale pang'ono nsomba zimafa, ndiye ife kuno mjigo uli pafupi penipeni ndi khola, madzi omwewo timamwa ife ndi ana.

Pano madzi a dibiwo tawapopera m'madiramu otseka bwino, talembapo poizoni, ali pa simenti mu shedi yokhoma kudikira kampani ya chilolezo chonyamula zinyalala zoopsa. Abwana anayamba adandaula kaye za ndalama koma avomera.

Zigubu za mankhwalawa zikatha timazitsuka katatu, madzi otsukirawo kuthira mu dibi momwemo, kenako kuziboola pansi. Zoboolazi ndikugwirizana nazo kwambiri, chifukwa ena mumazitola zigubuzi nkumakatungira madzi akumwa, chonde musatero anthuni. Pogulanso mankhwala a dibi muziona lebulo, pazikhala nambala yolembetsera pansi pa Act 36 ya 1947 (lamulo la kuno ku South Africa la mankhwala a ulimi ndi ziweto), ngati palibe asiyeni.