Zija ndinafunsa za sukulu ya udokotala, ndasankha

Anzanga ndabweranso. Paja mwezi watha ndinafunsa kuti ndipite kuti, NCHE (bungwe loona za maphunziro a ukachenjede) inandisankhira ku KUHeS (yunivesite ya boma ya zaumoyo) ku Blantyre koma yunivesite ina yapulayiveti ku Zambia inanditumiziranso kalata ya malo, mutu unali utaima zenizeni.

Basi ndikupita ku KUHeS. Chinandigwetsa ndi fizi, ku Zambia kuja amafuna madola, ndiye Loweruka tinakhala pakhonde ku Matawale ndi amalume, iwo akuwerengetsa kuseri kwa kalendala yakale, atafika chaka chachitatu anangoyika bolopeni pansi nkuti "mphwanga, forex yake tiipeza kuti?" Ine phee. Kuno bola nditha kupempha loni ku Loans Board, ndipo ndikamaliza premed (chaka chokonzekera) ndi zaka 5 za digiri ya udokotala ya MBBS zija palibe zoyamba kufotokoza pepala lakunja ku Medical Council of Malawi, bungwe lolembetsa madokotala.

Ena munati kunja kuli zipangizo zabwino, mwina ndi zoona, koma adokotala ena pa Zomba Central anandiuza kuti ku Queens odwala malungo, TB, azimayi oyembekezera umawaona ndi maso tsiku ndi tsiku, ndipo ndi omwewo ndidzawathandize. Zinandilowa zimenezo.

Amayi akondwa kobasi poti Blantyre ndi pafupi, minibasi imodzi ndafika, ayamba kale kukamba zonditumizira ufa ndi matemba aku Chilwa ngati kuti ku Ginnery Corner kulibe chakudya kkkk. Chatsala ndi laputopu, amene akudziwa kogula yasekondi yolimba andiuze.