Mbatata yanga yofota ili ndi mbozi kumizu, chayamba nchiyani?

Wa ku Tsangano

Abale thandizeni. Mbatata ya kachewere yomwe ndinadzala kudimba yayamba kufota ngati munthu waithira madzi otentha, masana imagwa m'mawa imadzuka pang'ono kenako basi yapita. Dzulo ndinazula mapando angapo, mizu ili ndi timatuza ngati mikanda, ndipo pansi pake ndapeza mbozi zoyera zija zopindika zamutu wofiirira, pena zitatu pena zinayi phando limodzi, koma pa mbatata yabwinobwino sindikuzipeza kwenikweni. Nde funso langa ndi ili, kodi mbozi ndi zomwe zabweretsa matendawa kapena matenda ndi omwe aitana mbozi? Chaka chatha ndinathira mankhwala m'nthaka, ogula pamsika m'kabotolo kopanda pepala, nyerere ndi akangaude zinatheratu koma chaka chino zinthu ndiye zanyanya. Mbatata imeneyi ndimadalira fizi ya ana, mtima ukuwawa.

Mayi wa ku Domwe

Pepani achimwene, ameneyo akuoneka ngati getsi, matenda ofotetsa mbewu. Musanagule chilichonse dulani tsinde la yofotayo chapansi, muliviike m'tambula ya galasi ya madzi oyera osagwedeza, dikirani mphindi zochepa, mukaona timaulusi toyera ngati mkaka tikutsika ndiye ndi yemweyo. Dulaninso mbatata imodzi pakati muona mzere wabulawuni wozungulira, ndipo m'maso mwake mumamatirira dothi. Ine zinandionekera pa tomato, ndinapopera popera mpaka mametikali kutha koma getsi samva mankhwala opopera, ali mkati mwa mitsempha ya mbewu. Chiwawu nchina, chimawotcha masamba nthawi ya nkhungu ndi mvula ndipo chimenecho mankhwala amathandiza mukayamba msanga.

Wophunzira za ulimi, Ulongwe

Amalume funso lanu ndi labwino kwambiri ndipo yankho lake ndi mbali zonse ziwiri. Getsi ndi bakiteriya yotchedwa Ralstonia, imakhala m'nthaka ndipo imalowa mu mbewu kudzera m'mabala a mizu. Timatuza mwaonato tapangidwa ndi tinyongolotsi tating'ono tosaoneka ndi maso, manematodi, tikamaboola muzu timatsegula khomo, mbozi nazo zikamatafuna zimatsegula lina, nde munda wokhala ndi zonsezi getsi amalowa mosavuta kusiyana ndi munda wa mizu yathanzi.

Mbali inayo ndi yomwe ine imandisangalatsa kwambiri. Mizu simangokhala chete, imatulutsa fungo ndi timadzi m'nthaka, ndipo tizilombo timayenda motsata fungolo poti pansi palibe kuwala. Mu 2005 akatswiri a ku yunivesite ya Neuchâtel ku Switzerland anaonetsa kuti muzu wa chimanga ukalumidwa ndi mphutsi ina ya ku America umatulutsa fungo lotchedwa caryophyllene, ndipo fungoli limaitana manematodi ena abwino, omwe amalowa m'thupi la mphutsiyo nkuipha m'masiku ochepa. Tangoganizani, chimanga kuitana asilikali ake chokha! Anapezanso kuti mitundu yambiri ya chimanga cha ku America inasiya kutulutsa fungoli. Tsono mbewu ikadwala fungo lake limasintha. Pa mbatata yomweyi zinayesedwa, ikagwidwa ndi vayirasi yopinda masamba nsabwe za m'mbewu zimaikonda kuposa yathanzi, zimayamwa nkunyamula matendawo kupita nawo pa ina. Nde matenda sangofooketsa mbewu yokha, amasinthanso amene akubwera kudzadya ndi amene akubwera kudzateteza.

Za mankhwala aja ndiye zandikhudza. Mankhwala ophera tizilombo sapha bakiteriya, koma nyerere, akangaude ndi tizikumbu takuda tothamanga pansi pa zinyalala tija amapha, pamene ndi tomwe timadya mazira ndi mbozi zikadali zazing'ono. Chikumbu choikira mazira a mbozi zoyera chimauluka usiku kuchokera kwina, chimabwerera msanga, alonda a mbewu aja ndi omwe amachedwa.

Mkulu wa ku Furancungo

Mwana wasukuluyu wanena zoona koma pa mbozi ndikuonjezereko. Mwathira manyowa otani? Ndowe zosapsa zimakoka zikumbu kudzaikira mazira, nde mwina mbozi zina mwabwera nazo nokha pangolo. Komanso mizu ikayamba kuwola imaitana tizilombo todya zowola, si mbozi iliyonse yomwe mwaipeza pa mbewu yakufa ndiyo yaipha ayi. Ife afodya getsi timamudziwa, fodya tomato tsabola mabiringanya ndi mbatata zonse ndi banja limodzi, musasinthanitse zimenezi nkumati ndachita kasinthasintha. Ikanipo chimanga zaka zingapo, ndipo mbatata yomera yokha muzizula chifukwa ndi imene imasunga matenda. Mukagawula munda musiye nkhuku ndi mbalame zitole mbozi zili poyera.

Mayi wa ku Domwe

Ndinaiwala, samalani madzi. Ngati mumathirira ndi ngalande yodutsa pa zodwalazo ndiye mukugawira mizere yonse yakumunsi, ngakhale dimba la mnzanu. Khasu nalo muzitsuka.

Wa ku Tsangano

Zikomo nonse. Mayi ndayesa za tambula zija m'mawa uno, timaulusi tatsika ndithu ndaona ndi maso anga, ndi getsi. Bambo aku Furancungo mwalasa, ndowe zinali zaziwisi ndinathamangira mvula isanathe, ndipo mbewu ndinagula yapamsika ku malire osadziwa munda womwe inachokera. Zodwala ndazula ndi dothi lake ndakakwirira kutali ndi madzi, ngalande ndaitseka. Nanga yotsalayo ikakhwima nkusunga ya mbewu kapena ndigulitse yonse?

Wophunzira za ulimi, Ulongwe

Gulitsani yodya amalume, musasungeko ngakhale imodzi. Kumalo ozizira ngati Tsangano mbatata imatha kuoneka yosalala bwinobwino bakiteriya ili mkati, mukadzala munda wina mwasamutsa matenda. Funsani atekiniko a zaulimi kwanuko komwe mungapeze mbewu yoyera.