Njinga yamoto yoyendera mpweya: thanki iti, injini iti?

Wowotcherera wa ku Kalingalinga:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikufuna kusintha njinga yamoto ya 125cc kuti iziyendera mpweya wopanikizidwa m'malo mwa petulo, yongozungulirira mu Lusaka muno, makilomita 20 pa tsiku. Maganizo anga ndi kutenga silinda ya gasi wophikira ya 9 kg, n'kumaipopa ndi kompresa ya matayala. Kodi ingafike? Nanga mu injini ndisinthe chiyani?

Makanika wa ku Matero:
Achimwene, silinda ya gasi isiyeni kukhitchini, chonde. Inapangidwira mabaa ochepa (baa ndi muyezo wa kupanikizika kwa mpweya), ndipo gasi wotsalira akasakanikirana ndi mpweya ndi ngozi. Komanso kompresa ya matayala imathera pa mabaa 8 kapena 10. Thanki ya malita 50 pa mabaa 8 imasunga mphamvu pafupifupi 16 Wh (ma watt-hour; 1,000 Wh ndi 1 kWh, yuniti imodzi ya magetsi), yosakwana ngakhale kilomita imodzi. Pamafunika silinda ya mabaa 200, yonga ya osambira pansi pa madzi, ndipo muyambe mwawerenga deti limene inayesedwa komaliza, lodindidwa paphewa pake. Musaiwotcherere kanthu kalikonse. Imangeni ndi malamba awiri achitsulo okhala ndi mphira mkati, valavu ikhale yotchingidwa ndi felemu kuti njinga ikagwa isathyoke.

Mphunzitsi wa ku Chelston:
Tiwerengere limodzi, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Silinda yachitsulo ya malita 12 pa mabaa 200 imalemera pafupifupi 14 kg, ndipo muli mpweya wokwana malita pafupifupi 2,400. Mphamvu yonse imene mungafinyemo, popanda kutayako n'komwe, ndi 0.29 kWh. Lita imodzi ya petulo ili ndi pafupifupi 9 kWh, ndiye kuti silinda yonseyo ikufanana ndi masipuni aakulu awiri a petulo.

Ndipo mphamvuyi siifika yonse ku tayala. Regulator, chipangizo chochepetsa kupanikizika, ikatsitsa mpweya kuchoka pa 200 kufika pa mabaa 10, pafupifupi theka limatayikira pomwepo, injini isanazungulire. Kenaka injini nayo imadyako. Mukatsala ndi 100 Wh mwachita bwino, pamene njinga yopepuka pa liwiro la 30 km pa ola imafuna 25 Wh pa kilomita. Ndiwo makilomita anayi. Kuti mufike 20 mufunika masilinda asanu, 70 kg, kulemera kwa munthu wamkulu.

Kudzaza nakonso: kompresa ya mabaa 200 yotulutsa malita 100 pa mphindi, ya mota ya 2.2 kW, imatenga mphindi 24 pa silinda imodzi, magetsi pafupifupi 0.9 kWh. Magetsi omwewo mu batire ya lithium ya 48V 20Ah angakuyendetseni makilomita oposa 30. Kumbukiraninso kuti kampani ya magalimoto ya Tata inagwirizana ndi kampani ya MDI ya injiniya Guy Nègre mu 2007 pa galimoto ya mpweya, koma mpaka lero siinadzaze misewu.

Wowotcherera wa ku Kalingalinga:
Zikomo aphunzitsi, ndamva. Nanga nditangofuna yonyamulira katundu pafupi, monga kuchoka ku Soweto Market kufika ku Kamwala?

Injiniya wa ku Chilenje:
Imeneyo n'zotheka, bambo, koma musagule air motor (mota yoyendera mpweya) ya mapiko. Ya 1 kW imameza malita oposa 1,000 pa mphindi, silinda imatha m'mphindi ziwiri. Injini yanu ya pisitoni ndiyo yabwinoko.

Chotsani kabyuleta ndi koyilo. Pa camshaft, chitsulo chotsegula mavalavu, onjezerani lobe (kotukuka kokankha valavu) yachiwiri moyang'anizana ndi iliyonse, kuti mavalavu azitseguka pa kuzungulira kulikonse kwa crankshaft, chitsulo chimene pisitoni imazunguza. Ya exhaust itseguke pisitoni ikamakwera. Yolowetsa itseguke pisitoni itangodutsa pamwamba, itsekeke itatsika gawo limodzi mwa magawo atatu, kuti mpweya ufutukuke wokha n'kumakankha. Mukaisiya yotseguka mpaka pansi, mpweya umatuluka ukadali ndi mphamvu, mumva kufwenthera kwambiri koma ulendo waufupi. Sipuling'i ya valavu yolowetsa ilimbitseni, apo ayi mabaa 10 amaikankha n'kumadontha njinga itaima.

Chimene ambiri sachiganizira ndi kuzizira. Mpweya ukamafutukuka umazizira kwambiri, chinyezi chimaundana mu regulator ndi potulukira, mpaka paipi kuyera mbuu, injini n'kuyamba kutsamwa. M'dzinja, kuyambira Novembala, zimanyanya. Kompresa ikhale ndi fyuluta youmitsa mpweya, ndipo pakati pa regulator ndi injini pindani mamita atatu a paipi ya kopa, muiike kutsogolo kumene mphepo imawomba kuti mpweya uzifundako. Ikaniponso safety valve, valavu yotaya mpweya ukapitirira muyezo, ya mabaa 12, chifukwa regulator ikafa mabaa 200 onse amathamangira m'mapaipi osalimba aja. Poyesa koyamba, tayala lakumbuyo likhale m'mwamba, muyambire pa mabaa 4.