Ndere zikufa m'dziwe la madzi otsukira ziwiya za mkaka, ndithandizeni

Moni nonse akuluakulu a m'gulu muno. Ndili ku Mchinji, mbali ya Kamwendo, m'gulu la alimi osonkhanitsa mkaka. Vuto lathu ndi madzi amene timatsukira zigubu ndi thanki yoziziritsira mkaka. Akakhala padzuwa amasasa, fungo lake losaneneka, ntchentche ndiye osakamba, ndipo oyandikana nafe ayamba kudandaula.

Tinakumba dzenje lothiramo miyala, mafuta a mkaka anatseka mipata madzi n'kusefukira. Sefa ya mchenga ndi makala nayo inatsekeka. Kenako tinakonza dziwe losaya, lakuya masentimita 30, n'kuthiramo ndere za kudambo, poti ndere zimadya nayitirojeni ndi fosiforasi za m'madzi oterewa. Cholinga n'choti tizikolola nderezo n'kumasakaniza ndi ndowe mu thanki yathu ya bayogasi, gasi wophikira wochokera ku zinthu zoola. Koma sizikukula. Madzi ndi oyera mbuu, pamwamba pamayandama chikhungu cha mafuta choti ukachikhudza ndi ndodo chimamatirira, ndipo ndere zikusanduka zofiirira n'kumira.

Ine ndikukayikira zinthu ziwiri: dzuwa silikulowa m'madzimo, kapena soda wa kositiki amene timatsukira thanki ndiye akuzipha.

Amene munayesapo, kodi madziwa tiziwasungunula ndi madzi a pamjigo muyeso wanji? Mafutawo tiziwatchera bwanji asanafike kudziwe? Nanga mbewu ya ndere zotchedwa Chlorella ingapezeke kuti kuno ku Malawi, ku Bunda mwina? Komanso pokolola, ufa wa njere za cham'mwamba ungathandize kuti ndere zigwirane zikhale pansi, osasokoneza bayogasi? Chonde tiunikireni mvula isanayambe.