Mwana wanga amalira koopsa akamatsukidwa bala, magalasi a VR aja angathandize?

Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wazaka 9 anapsa mwendo ndi phala, poto anagubuduka pa mbaula mmawa wina mu June muja kukuzizira. Tinagonekedwa, pano anatitulutsa koma timapitabe kukatsukitsa bala ndipo vuto lili pamenepo. Usiku woti mawa tikupita sagona, mu minibasi kuchoka ku Ndirande amakhala akunjenjemera kale, akangomva fungo la mankhwala lija basi kulira mpaka timachita kumugwira anthu awiri, ineyo mayi ake kumupanikiza uku akukuwa kuti amama ndisiyeni. Ndikabwerako nsima siilowa. Mankhwala a ululu amampatsa ndithu, anesi akuyesetsa, koma mantha ndi amene amukulira kuposa balalo.

Ndiye alamu anga anandiuza za VR, magalasi aja umavala kumaso nkumaona ngati uli kwina. Nditafufuza pa intaneti ndinapeza kuti ku University of Washington ku Seattle, a Hunter Hoffman ndi a David Patterson anapanga gemu yotchedwa SnowWorld ya anthu opsa ndi moto, wodwala amakhala ngati ali kudziko la ayezi lokhalokha akugenda ma penguin uku anesi akutsuka bala. Nkhani yake ndi yoti ubongo sungatsatire zinthu zambiri nthawi imodzi, maso ndi makutu zikatanganidwa ululu umamveka pang'ono. Ndinakumbukira agogo anga, akamatichotsa matekenya ndi phini ankayamba kaye nthano.

Funso langa, alipo anayesapo? Magalasi odula aja a Meta Quest sindingakwanitse, ndikunena totchipa tolowetsamo foni tija ngati Google Cardboard, timapezeka ku Limbe? Nanga kuchipatala angandilole?

Yankho 1: Pepani mayi. Ine ndi nesi, yambani mwalankhula ndi a in-charge musanagule. Chimenecho sichilowa mmalo mwa mankhwala, amwebe monga mwa nthawi zonse. Musagule cha katoni chifukwa sichipukutika, bala lamoto silichedwa kulowa majeremusi, pezani cha pulasitiki muzichipukuta ndi spirit. Muyeseni kaye kunyumba mphindi zochepa, ana ena chimawapatsa chizungulire ndi nseru. Komanso ena akaphimbidwa maso ndi pamene mantha amakula, asakakamizidwe.

Yankho 2: Wathu tinkangomuikira ma katuni pa foni ndi ma earphone, nthawi zina kumpatsa baluni aziuzira. Kulira sikunatheretu koma tinasiya kumugwira. Vidiyo muzipanga download muli kunyumba, netiweki isakakuchititseni manyazi pomwepo.

Mwini funso: Zikomo a nesi, za katonizo sindinaziganize ngakhale pang'ono. Lachinayi tikupitanso, ndikafunsa kaye, panopa tiyambe ndi baluniyo. Amene anaonapo cha pulasiticho mtauni muno andiuze shopu yake chonde.