Kodi h-index ndi muyeso wokwanira wa ntchito ya wochita kafukufuku wa zaumoyo?

Namiwawa_22 analemba:

Akuluakulu, ndithandizeni. Mafomu ena opemphera ndalama za kafukufuku kapena okwezera munthu pa ntchito akumafunsa h-index ndi chiwerengero cha ma citation, kutanthauza kangati mapepala a munthu atchulidwa m'mapepala ena. Nambala imeneyi imapezeka bwanji? Nanga zimatheka bwanji kuti munthu mmodzi yemweyo Google Scholar impatse 14 koma Scopus n'kumpatsa 10? Komanso anthu awiri akamapikisana, wina wa malungo wina wa maopaleshoni, kodi n'chilungamo kuika manambala awo pa sikelo imodzi?

Wa_ku_Laibulale anayankha:

Achemwali, kawerengedwe kake n'kosavuta. Muyesowu anaubweretsa Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa ku San Diego, mu 2005. Sanjani mapepala anu onse kuyambira lomwe latchulidwa kwambiri m'mapepala a anthu ena mpaka lomwe latchulidwa pang'ono, n'kuwapatsa manambala 1, 2, 3 kutsika m'munsi. h-index ndi nambala ya pepala lomaliza lomwe ma citation ake akufanana ndi nambala yake kapena kuiposa. Tiyerekeze kuti muli ndi mapepala khumi otchulidwa motere: 120, 45, 30, 18, 11, 9, 7, 6, 3, 1. Pepala la nambala 7 latchulidwa ka 7, lakwanitsa. La nambala 8 latchulidwa ka 6 kokha, lapelewera. Ndiye h-index yanu ndi 7, ma citation onse pamodzi ndi 250, ndipo i10-index ya Google Scholar, yomwe imawerenga mapepala otchulidwa ka 10 kapena kuposa, ndi 5.

Taonani kupusa kwa nambalayi. Pepala loyamba lija litakwera kuchoka pa 120 kufika pa 1,200, h ikhalabe 7. Koma pepala la 7 likangotchulidwa kamodzi kena, la 8 kawiri, h yakwera kufika pa 8. Ma citation atatu okha, oti munthu atha kudzipatsa yekha podzitchula m'mapepala ake awiri otsatira. N'chifukwa chake ma komiti ochenjera amafuna nambala yochotsera kudzitchula. Scopus ndi Web of Science ali ndi njira yochitira zimenezi, Google Scholar alibe.

Kusiyana kwa 14 ndi 10 kukuchokera ku nkhokwe za mapepala zomwe aliyense amawerengera. Google Scholar amatola chilichonse chooneka ngati cha maphunziro pa intaneti: ma thesis, ma preprint (mapepala omwe sanaunikidwe ndi akatswiri), malipoti, mitu ya m'mabuku, nthawi zina pepala limodzi kuliwerenga kawiri. Scopus, ya kampani ya Elsevier, ndi Web of Science, ya Clarivate, amawerenga zokhazo zochokera m'ma journal, m'mabuku ndi m'mapepala a misonkhano omwe anawasankha. PubMed ndi yofufuzira mapepala, sipereka h-index.

Vuto lathu lalikulu kuno ndi mayina. Mukalemba "Banda C" kapena "Phiri M" mutulutsa khamu la anthu a ku Malawi ndi ku Zambia. Kompyuta imakupatsani mapepala a eni, kapena imagawa anu pa maprofayilo awiri. Mayi akasintha dzina atakwatiwa, zimasokonekeranso. Ngakhale dzina la sukulu: mapepala akale amati College of Medicine, University of Malawi, pomwe kuyambira 2021 amati Kamuzu University of Health Sciences. Mankhwala ake ndi ORCID, nambala ya manambala 16 yaulere yomwe ndi yanu moyo wonse. Iikeni pa pepala lililonse potumiza, kenako pemphani Scopus ilumikize maprofayilo anu ogawikana.

Dokotala_Zingwangwa anayankha:

A ku Laibulale afotokoza bwino masamu. Funso lachitatu lija yankho lake ndi ayi, si chilungamo.

Ma citation amatsata kuchuluka kwa anthu olemba pa nkhaniyo. Malungo, HIV ndi TB zili ndi ofufuza ambirimbiri padziko lonse ndi ndalama zambiri, choncho pepala la pakatikati limatchulidwa msanga. Wolemba za kupsa ndi moto kwa ana, kuthyoka kwa mafupa kapena ntchito za anamwino ali ndi owerenga ochepa ngakhale ntchito yake itakhala yapamwamba. Mtundu wa pepala nawonso umakondera: ma review ndi mapepala ofotokoza njira yoyezera zinthu amatchulidwa kuposa kafukufuku weniweni. Pepala la Oliver Lowry ndi anzake la 1951, la kayezedwe ka mapuloteni, latchulidwa koposa ka 300,000, osati chifukwa linachiza matenda koma chifukwa aliyense wa mu labu amagwiritsa ntchito njirayo.

Zaka nazo. h-index sitsika, ngakhale munthu atapuma ntchito. Hirsch mwiniwake anati igawidwe ndi zaka zomwe zadutsa chitulutsire pepala loyamba. Wa h 20 pa zaka 25 apeza 0.8, wa h 9 pa zaka 6 apeza 1.5. Wachiwiriyo ndi amene akuthamanga. Koma chotsani zaka zomwe munthu anali pa tchuthi cha uchembere kapena anali m'mawodi usana ndi usiku.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi malo a dzina pa mndandanda wa olemba. h-index imapatsa gawo lofanana kwa wolemba woyamba, amene kawirikawiri ndiye anagwira ntchito yaikulu, kwa womaliza, amene anatsogolera, ndi kwa wa nambala 212 pa pepala la olemba mazana ngati a Global Burden of Disease, kafukufuku wa kuchuluka kwa matenda padziko lonse. Izi zimadula mbali ziwiri. Wina amatupa nambala ndi mapepala omwe sangathe kuwafotokoza. Wina, amene analemba odwala m'kafukufuku ku chipatala cha Queens zaka zitatu, amaikidwa pakati pomwe anayenera kukhala woyamba kapena wachiwiri. Choncho werengani padera mapepala omwe munthu ali woyamba, womaliza kapena wolandira makalata a journal, ndipo onani ndime ya m'pepala yofotokoza zomwe aliyense anachita.

Mukafuna nambala yoganizira kusiyana kwa nthambi, zilipo ziwiri. FWCI ya Scopus imayerekeza pepala ndi anzake a nthambi, chaka ndi mtundu womwewo: 1.00 ndi pakatikati, 2.00 ndi kuwirikiza kawiri. RCR ya NIH, bungwe la boma la America lothandiza kafukufuku wa zaumoyo, ndi yaulere pa tsamba la iCite: mumangoikamo ma PMID, manambala omwe PubMed imapatsa mapepala anu, ndipo 1.0 akufanana ndi pepala la pakatikati lothandizidwa ndi NIH pa nkhaniyo. Zonsezi musazidalire pa pepala losakwana zaka ziwiri, ma citation amakhala asanakhwime.

Mphunzitsi_Chilomoni anayankha:

Ndiwonjezere za impact factor, poti ambiri amaisokoneza ndi zomwe zanenedwazi. Imeneyi ndi nambala ya journal, si ya munthu kapena ya pepala. Ya 2024 imapezeka potenga ma citation a m'chaka cha 2024 opita ku zomwe journal inasindikiza mu 2022 ndi 2023, n'kugawa ndi chiwerengero cha mapepala a zaka ziwirizo. Mapepala ochepa ndi amene amakoka nambala yonse, ambiri amakhala pansi pake. Kunena kuti pepala ndi labwino chifukwa lili mu journal yaikulu kuli ngati kunena kuti mwana ndi wanzeru chifukwa cha yunifolomu. Chikalata cha DORA, chomwe chinakonzedwa ku San Francisco mu 2012 ndipo Wellcome, bungwe lopereka ndalama za kafukufuku, anasaina, chimakana kugwiritsa ntchito nambalayi poweruza munthu.

Samalaninso ndi ma journal achinyengo omwe amatumiza ma email okoma, n'kusindikiza pasanathe sabata bola mwalipira. Ena amadzilembera impact factor yabodza. Yeniyeni imachokera ku Journal Citation Reports ya Clarivate basi. Fufuzani dzina la journal mu MEDLINE, Scopus kapena DOAJ musanatumize. Ndipo kutchulidwa si kuyamikiridwa nthawi zonse: pepala la Wakefield la 1998 lonamizira katemera wa MMR (wa chikuku, matsagwidi ndi rubella) linachotsedwa ndi The Lancet mu 2010 koma likutchulidwabe.

Apa ndisiyane pang'ono ndi a Dokotala. FWCI ndi RCR zikuwerengabe ofufuza otchula ofufuza anzawo, osati phindu la kafukufuku m'chipatala. Blantyre Coma Score, ya Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo ya 1989, imayeza mwana wokomoka ndi malungo pa sikelo ya 0 mpaka 5. Dokotala akalemba 2 pa fayilo ya mwana, palibe citation yomwe yawerengedwa. Option B+, yopatsa amayi oyembekezera omwe ali ndi HIV ma ARV a moyo wonse posayang'ana CD4, inayamba ku Malawi mu 2011 ndipo WHO inailowetsa m'malangizo ake a 2013. Kafukufuku wa katemera wa typhoid wa ana oposa 28,000 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa anatuluka mu New England Journal of Medicine mu 2021, ndipo mu 2023 katemerayu anaperekedwa dziko lonse. Pepala la mu Malawi Medical Journal lotchulidwa ka 5 lokha litha kusintha kachitidwe ka m'chipatala cha boma. Zoterezi zimafuna umboni wa mtundu wina: dzina la chikalata cha Unduna wa Zaumoyo kapena cha WHO, chaka ndi tsamba pomwe pepala lanu latchulidwa.

Namiwawa_22 analemba:

Zikomo kwambiri nonse. Ndiye pa fomu ndilembepo nambala iti, ya 14 kapena ya 10?

Wa_ku_Laibulale anayankha:

Fomu ikatchula nkhokwe, tsatirani yomweyo. Ikapanda kutchula, lembani zonse ziwiri, iliyonse ndi dzina la nkhokwe ndi tsiku lomwe mwaonera, chifukwa manambalawa amasintha mwezi ndi mwezi. Musanatero yeretsani profayilo ya Google Scholar: chotsani mapepala a eni, phatikizani obwerezedwa, ndipo musankhe kuti zatsopano zisamalowe zokha musanavomereze. Komiti ikapezamo pepala limodzi losakhala lanu, idzakayikira mndandanda wonse. Pansi pake ikani mapepala anu asanu ofunika kwambiri, lililonse ndi mizere iwiri kapena itatu yonena funso lomwe linayankhidwa, zomwe munachita inuyo, ndi kumene zotsatira zake zagwiritsidwa ntchito. Ma preprint ndi ma abstract a ku misonkhano muwaike pa mutu wawowawo, osawasakaniza ndi mapepala omwe anaunikidwa ndi akatswiri.